Utsi M'chikuta cha Petronella

Lolemba, 14 Juni 1993. Chawama, Lusaka.

Woyamba kundiuza ndi Kasoma wogulitsa makala. Ine ndili pa nsolo pansi pa mtengo wa mango, miyala m'manja, iye akubwera ndi wilibala yake. Akuti, "Ba Wailesi, lelo nkhani yakupitani. Petronella wabeleka." Ine Whyson Mbewe, amene komboni yonse imamvera nkhani pakamwa panga, kumva za m'nyumba mwanga kwa munthu wa makala. Nsolo ndinausiya ndili pafupi kudya. Chipewa ndinaiwala pomwepo, amene ali nacho avale.

Kamtsikana. Mwana wa mdzukulu wanga. Petronella tinamulera ife kuchokera pamene amake anatisiya, lero nayenso ndi amake munthu. Ndavina pamsewu ndi bondo lomwe lija lodwala. Agalu kundiuwa. Auwe.

Abwera nako masana kuchokera ku kiliniki, m'mabulangete atatu, Juni ameneyu. Ndaona bulangete chabe. Ndati ndisuzumire, a Nankhoma, mkazi wanga, chigongono pachifuwa panga. Mwana woyamba amafikira kwawo kwa mkazi, ndiye chipinda chathu chasanduka chikuta: mayi ndi khanda satuluka, mwamuna salowa, mpaka mchombo ugwe. Sabata imodzi, mwina kuposa. Ndi Moven yemwe, bambo wake wa mwana, waima panja ngati wogulitsa mazira, kenaka wabwerera ku Kabanana kwa amake.

Ine andiponyera bulangete ndi jekete. Ndizikagona kwa Kasoma. Lamulo lachiwiri: pakhomo osalankhula, mwana agone. A Nankhoma akuti mawu anga amadzutsa ndi akumanda omwe. Ndiye ndatenga kope ili la Petronella la ku sukulu, masamba otsala kumbuyo. Zilembo ndinaziphunzira ku tchalitchi imvi zitamera kale. Dzanja limachedwa, pakamwa pamathamanga. Komabe pepala silinena kuti khalani chete.

Ufa wakweranso. Ukwere. Tili ndi mwana.

Lachiwiri, 15 Juni.

Kuzizira. Kwa Kasoma ndadzuka ndi fumbi la makala mpaka m'makutu.

Tsiku lonse pa kampando, maso pa chitseko chathu. Nambala 3, pa mdadada wa zitseko sikisi, denga limodzi. Kulira ndakumva kawiri. Mawu aang'ono koma okwana. Ameneyu watengera ine. Ndauza aliyense wopita ku mpopi, monong'ona, koma a Nankhoma akuti kunong'ona kwanga kumamveka mpaka ku komboni ya Kanyama.

Mayina ndakonza seveni. Palibe wandifunsa.

Masana a Nankhoma anatulutsa mutu. Akuti muno mukununkha fodya. Ndati ndi wa dzulo wa ba Fanwell a pa nambala 4. Makoma athu safika ku malata, pamwamba pali mpata woti mbuzi n'kudutsa. Za anzathu timamva zonse, nyemba zikapserera timadziwa, akayambana timadziwa wolakwa. A Nankhoma akuti ayi, uyu ndi fodya watsopano. Ndayang'ana chitseko cha nambala 4. Loko wamkulu ngati chibakera. Mwamuna ku fakitale, mkazi wake Christine ku msika ndi zovala zake zogulitsa za salaula, zija zovalidwa kale, ana anawatumiza kumudzi. Ndati mphuno za a Nankhoma zakalamba. Mumtima.

Madzulo ba Fanwell Mukuka eni ake, akuchokera ku ntchito. Ovolosi yabuluu, chitini cha chakudya m'manja. Mubemba, mbuya wanga. Ife a kum'mawa ndi iwo timanyozana mwaufulu, mlandu palibe. Akuti, "Namvela mwationjezela wakudya mbeba winangu." Ndati bola mbewa, inu anyani munawatha ku Kasama, mitengo yasowa woikwera. Taseka. Pa mdadada wonse ndi iwo okha otsala pa ntchito yeniyeni, fakitale ya mapoto. Enafe anatidula kapena tinakalamba. Timawatcha ba Foromani. Kukabwera alendo timawaloza.

Lachitatu, 16 Juni.

Lero kuseka pang'ono chabe.

A Nankhoma anditulutsira kachipewa ka mwana, kaubweya, koluka Petronella. Ndinayesa ndi chifundo, ndigwireko. Ndalandira ndi manja awiri. Akuti nunkhizani. Fodya. Balani weniweni, uja wopichira mu nyuzipepala. Kachipewa ka munthu wa masiku atatu kununkha ngati jekete la mu shabini.

Mwana akuyetsemula, maso ofiira, popuma kamluzu. Petronella naye mphumu yake yadzuka. Sisita wa ku kiliniki anawauza kale: mwana wabadwa wochepa, chifuwa chikadali chanthete, mbaula isalowe, wosuta asayandikire. Mbaula aisiya panja, akuzizidwa m'katimo chifukwa cha lamulo limenelo. Nanga utsi? A Nankhoma akuti umatsika pa khoma la nambala 4, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atseka mpata ndi masaka ndi makatoni. Ukudutsabe.

Ine agogo ake andiletsa kulowa. Utsi ukulowa wopanda odi.

Kale sitikanadziwa. Masana m'nyumba mwathu simukhala munthu, a Nankhoma ku matimati awo, ine ku nsolo.

Amake Moven abwera kuchokera ku Kabanana. Mayi wamtali, wa unifomu ya mpingo, saseka pachabe. Alowa, atuluka atagwira mphuno. Mawu awo: "Pa Chibelu nibwela. Nikapeza fungo iyi, mwana nitenga, mchombo ugwe usagwe." Loweruka limenelo. Kutulutsa khanda m'chikuta mchombo usanagwe, kwathu ku Katete akamva adzati ku Lusaka tinapita kukatayika. Ndipo akapita ku Kabanana ndidzamuona liti? Mabasi awiri, mitengo ya masiku ano. Komanso kuwatsutsa sindingathe. Kamluzu kaja ndakamva ndekha, khutu pa chitseko.

Kasoma akuti nyumba ya loko yosuta fodya ndi ufiti. Kwa Kasoma zonse ndi ufiti, ndi tayala la wilibala likaphwa.

Lachinayi, 17 Juni.

Ndili nayo nkhani. Nkhani yoti ndikanaidyera mwezi wathunthu pa nsolo, anthu n'kumandigulira mbatata. Ndipo sindingauze munthu. Pepala iwe khala bwino, uli wekha.

M'mawa ndinazungulira kuseri kwa mdadada, kanjira kopita ku chimbudzi, kumene kuli mazenera a matabwa. Ngati wowothera dzuwa. Pa zenera la nambala 4, m'ming'alu, kautsi. Ndaika khutu. Chifuwa cha munthu, chotsekedwa ndi pilo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe wakuba, thabwa n'kusuntha pang'ono. Diso limodzi. "Ba Wailesi, napapata. Musapunde."

Ba Foromani. Teni koloko m'mawa. M'masokosi.

Anandikokera m'kati ngati thumba la chimanga. Zaka sevente ndi kanthu, kulowa nyumba ya mwini pa zenera. Ndi pa unyamata pomwe sindinachitepo, kupatula kamodzi ku Kabwe, koma imeneyo ndi ina.

M'katimo mdima, utsi mpaka maso kuwawa. Anaika chala pakamwa, naloza pamwamba pa khoma. Kuseri kwake a Nankhoma akuimba pang'onopang'ono, mwana akuyamwa. Kuyamwa ndinakumva. Sindinakhalepo pafupi naye chotere.

Zonse anandiuza pakamwa pali pa khutu langa, ine kungogwedeza mutu. Ntchito inatha mu Malichi. Fakitale inatseka mbali yawo yonse tsiku limodzi. Mwezi woyamba ankayenda pansi kukaima pa mageti a mafakitale ena. Nsapato zinatha, ndipo njala ya woyenda ndi yaikulu. Tsopano amatuluka faifi koloko m'mawa, ovolosi, chitini chopanda chakudya, kupereka moni mokweza kuti tonse timve, kuzungulira kuseri, kulowa pa zenera. Christine amakhoma loko popita ku msika. Madzulo pa zenera, kuzungulira, kubwera ndi msewu ngati munthu wotopa. Miyezi itatu. Zenera satsegula, amayi opita ku chimbudzi angaone. Ndiye amakhala, amapichira, amasuta. Ati balani amapha njala ndi maola.

Ndinaloza khoma, kufunsa ndi maso. Ati ankamva zonse. Ankauzira utsi pansi pa bedi, kuyesa kuti ukhala pomwepo. Apo analira, popanda mawu. Mwamuna wa ndevu.

Akuti, "Mukakamba, nafa. Imwe simusunga kanthu." Zoona. Za mimba ya Petronella ndinauza mpingo wonse Moven asanamve.

Yankho ndinawapatsa madzulo, kuseri kwa matumba a Kasoma, kumene ndingatulutse mawu. Ndati pangano nali: ine pakamwa ndatseka, inu fodya mwandipatsa. Akuti okha sangathe, makoma amawadya. Ndati ndiye ndizilowa nanu, kwathu andithamangitsa kale. Tagwirana chanza. Dzanja lawo lachikasu m'zala.

Wailesi kulonjeza kukhala chete. Ndikuseka ndekha muno, Kasoma akuyesa ndalodzedwa.

Lachisanu, 18 Juni.

Ndikulemba muno mu nambala 4, pa kuwala kwa mng'alu. Kathumba ka balani ndakakhalira. Machesi m'sokosi langa.

Faifi koloko pa zenera. Bondo. Thalauza lang'ambika pa msomali, malo oipa.

Tajambula dirafuti pa katoni, zitsekerero za mabotolo, pansi tayala thaulo kuti zisalire. Ndawadya katatu. Kudya Mubemba katatu osanenapo kanthu, kodi alipo anavutikapo chotere? Mawu akufika pakhosi, ndikuwameza, mimba yatupa. Ndangowaonetsa ndi manja nyani akudzikanda m'khwapa. Iwo andionetsa mbewa ikununkhiza. Taseka ndi mapewa, pilo pakamwa, misozi mbwe.

Ndabwera ndi mbatata yophika, chakudya chosalira. Mtedza sitingathe, nzimbe ndiye ayi.

Naini koloko chibaba cha fodya chawagwira. Ndawapatsa kamtengo atafune. Leveni koloko andigwira mwendo, kufuna kundichotsa pa kathumba. Ine mwala. Maso awo andituka Chibemba chonse. Ndaloza khoma. Kuseri kamluzu kaja, fii, fii. Amvetsera, amvetsera, abwerera pa bedi, chala m'kamwa ngati khanda ndi iwo.

Zimene ndamva pa khoma lero, ndilembe ndisaiwale. Amusambitsa teni koloko, sakonda madzi. Amayamwa ngati munthu wa pa mzere wa ufa. A Nankhoma akuti makutu ndi a agogo ake, aima ngati zogwirira poto, Petronella n'kuseka mpaka kutsokomola. Makutu anga. Ndawagwira, ndaonetsa ba Fanwell. Petronella wafunsa kuti agogo ali kuti, kunja kwachita zii. A Nankhoma akuti, "Asiye, mwina apeza wina wowamvera." Ine ndili pano, mikono iwiri kuchokera pamene akhala.

Masana ndinagwa tulo pang'ono. Ndadzuka pilo ali kumaso, ba Fanwell atandikhalira pachifuwa, maso ali tong'o. Mkonono. Tamvetsera. Kuseri chete, kenaka nyimbo yapitirira. Tapulumuka.

Folo koloko mawu a a Nankhoma: "Lero sunatsike." Ndavina chokhala, matako pa fodya.

Madzulo ndawapichira umodzi, akasutire ku njanji, mphepo itenge. Pa nsolo akuti mwina ndagonekedwa ku chipatala. Maola khumi ndi awiri osalankhula. Lilime ndaliyesa pa Kasoma, likugwirabe. Ndamuuza za njovu ya ku Luangwa kawiri.

Loweruka, 19 Juni.

Ku fakitale Loweruka amaweruka wani koloko, ndiye nafenso. Timatuluka mosiyana, ine poyamba. Zenera, kanjira, msewu, ndafika pakhomo ngati munthu wochokera ku tauni. Amake Moven ali kale m'katimo. Ndakhala pa kampando.

Atuluka. Akuti fungo lachepa, mwana akupuma bwino. Ndinaimirira kuti ndiwagwire dzanja, manja awiri, mwaulemu. Kulakwa kwanga ndi kumeneko.

Mphuno yawo inakwinyika. Anagwira kolala ya jekete langa, nanunkhiza. Masiku atatu m'chipinda chosutidwa miyezi itatu, ndiponso kukhalira balani. Ine sindinkadzimva. Ndati nditulutse mpango ndipukute thukuta, kathumba ka ba Fanwell pansi thi. Machesi n'kutsatira.

Mlandu pomwepo pa khonde, amayi a pa mpopi atasiya ndowa zikusefukira. Amake Moven akuti wosuta ndi ine. Ndimakhala pa chitseko kusuta mobisa, utsi n'kumalowa. Masiku awiri ndasowa pakhomo, utsi wasowanso. Umboni wake wokwana bwino, ine ndemwe ndikanakhulupirira.

A Nankhoma akuti, "Zaka fote sikisi tili limodzi, fodya mwayambira pa khanda? Yankhani, si inu Wailesi? Munthu wamkulu kuopa manyazi kuposa chifuwa cha mwana." Mokweza kuposa masiku onse, mwana atagona, iwo omwe anaika lamulo la chete. Ndipo nkhope sinali pa ine kwenikweni.

Nkhani inali pa lilime, yonse, ndi masokosi omwe. Ndikanaiyamba ndi diso la pa zenera. Ikanawagwetsa pansi amayi onsewo. Ndinayang'ana loko wa nambala 4, munthu ali kuseri kwake akumva. Ndati, ndamva. Basi. Maggie wa nambala 6 akuti Wailesi yatha mabatire.

Balani a Nankhoma amutaya m'chimbudzi.

Chigamulo cha amake Moven: pa nyumba ya wosuta mwana sakhala. Mchombo wauma kale, adikira ugwe. Lolemba abwera ndi galimoto ya mlamu wawo. Ndipo ine mwana sindimugwira.

Ba Fanwell abwera ndi msewu mochedwa. Ndawayamba, ndati wakudya nyani wafika. Angolowa.

Lamulungu, 20 Juni.

Mchombo wagwa m'mawa. Nthungululu ndazimva ndili kwa Kasoma. Amayi aukwirira kumene akudziwa okha.

Ku tchalitchi sindinaimbe. Pa benchi anthu akundinunkhiza mobisa.

Jekete ndachapa kawiri. Madzi achikasu. Likununkhabe. Jekete la masiku atatu latere, nanga chifuwa cha ba Fanwell? Nanga Christine, amene sanagwirepo ndudu koma amagona momwemo? Amatsokomola m'mawa uliwonse, timamumva pa khoma, tinkati ndi fumbi la salaula.

Ndakumana naye Christine pa mpopi. Akuti, "Bashikulu, bauzeni chabe. Ine nalema na loko." Ndati si nkhani yanga. Ine kunena zimenezo. Nkhani zonse za Chawama zakhala zanga kuchokera tsiku limene ndinatsika lole ya ku Chipata ndi mphasa pamutu. Za akufa, za amoyo, za amene sanabadwe. Amalume anga amene anandiphunzitsa kukamba ankati nkhani ilibe mwini, ndi ya amene waitola. Koma iyi mwini wake alipo, pakamwa ali napo.

Madzulo ndawapeza ba Fanwell kuseri kwa matumba. Ndati mawa sindilowa, ndikaima ku mpopi, ndione ngakhale bulangete likudutsa. Ndati ngati musuta mawa, dikirani galimoto ichoke, pambuyo pake khoma ndi lanu. Anali kutafuna kamtengo kaja.

Mayina seveni akadali m'thumba. Makutu anga akupita ku Kabanana ine osawaona.

Lolemba, 21 Juni.

Ndilembe msanga, madzi anga osamba kachitatu ali pa mbaula.

Faifi koloko ndinamva moni wa masiku onse: "Mwauka bwanji pa mdadada." Chitini chikulira. Mtima unagwa. Christine anakhoma loko, koma ku msika sanapite, anakhala ndi amayi kudikira mwana atuluke.

Naini koloko galimoto. Moven, amake, mlamu woyendetsa. Mphasa pa bwalo. Atulutsa mwana, amumeta tsitsi la m'mimba, nyimbo. Ine ku mpopi ndi Kasoma, kutali. Ndinaona kaphazi kamodzi. Katundu wa Petronella ayamba kukweza.

Kenaka gogogo. Pa nambala 4. Kuchokera m'kati, loko akugwedezeka. Nyimbo inaduka. Kasoma anagwira wilibala kufuna kuthawa. Mawu: "Odi kunja uko. Christine, segula."

Christine anamasula kiyi pa ngodya ya chitenje, osafulumira. Atuluka ba Foromani, ovolosi, masokosi, maso akuphethira ndi dzuwa. Apita pamaso pa amake Moven, atsegula chitini chija cha chakudya, akhuthula pansi. Zotsala za ndudu, phulusa, mulu. Akuti, "Fodya ni wanga. Nchito inasila mu Malichi. Aba bakulu sibasuta, benze chabe kunikhalila pa fodya."

Amuna a pa mdadada maso pansi. Fabian wa nambala 1, amene anamudula chaka chatha, akukanda dothi ndi chala cha kuphazi. Ba Fanwell aima pakati ngati munthu wovulidwa.

A Nankhoma analowa m'nyumba, natuluka ndi ufa dzanja lodzaza, ufa wodulawu, n'kuwapaka kuchokera kumutu mpaka ndevu, monga timachitira ndi ambuya athu. Akuti, "Nyani iwe, miyezi itatu m'khola, kutisutira mwana. Mlandu wako ndi uwu: khoma ili lifike ku malata lero." Maggie nthungululu, amayi onse n'kulandira. Fabian akuti, "Mwalandilidwa ku kampani yathu, ba Foromani. Timayamba naini, pansi pa mango." Ba Fanwell mbuu ngati chinangwa, akuseka kapena akulira, ufa sunaonetse.

Amake Moven sanaseke. Alowa, ayang'ana mpata wa pa khoma, atuluka. Akuti likafika ku malata, mwana akhala mwezi, ndipo azibwera kudzanunkhiza. Katundu atsitsa. Mlamu akudandaula za petulo.

Tsopano ba Fanwell ali pa mgolo ndi matope, Fabian akuponda, Kasoma wabweretsa njerwa zakale ndi wilibala. Mayi ndi mwana ali kwa Maggie chifukwa cha fumbi.

Ndapita kwa a Nankhoma chifuwa patsogolo, ndati mwaona tsono. Akuti, "Ndinadziwa Lachisanu. Mkonono wanu ndingausokoneze ndi wa munthu wina? Ndinkafuna mwini fodya amve." Ndati nanga galimoto ikanachoka? Akuti munsi unali kale kuseri kwa chitseko, loko akanathyoka. Kundizenga mlandu pamaso pa mpopi wonse, akudziwa. Mkazi ameneyu ndinamupeza pa chitsime ku Katete, ndinayesa wofatsa.

Ndasamba kawiri. Malaya a Moven, jekete lakhala pa waya. Amake Moven andinunkhiza m'mutu asanakwere galimoto. Akuti mawa.

Mawa.

Lachiwiri, 22 Juni.

Ndagona kwathu, pa mphasa, pafupi ndi chitseko. Khoma lafika ku malata, matope akadali aawisi. Ndamvetsera. Za nambala 4 palibe chomveka. Wailesi yataya siteshoni imodzi.

Faifi koloko moni kulibe. Seveni koloko chitseko chawo chatseguka ndi zenera lomwe, Christine akutulutsa mabulangete onse pa dzuwa, loko wamupachika pa msomali. Ba Fanwell pa khonde, ndevu zikadali ndi ufa. Apichira umodzi, andiyang'ana, anyamuka okha kupita ku njanji. Pobwera ndafunsa ngati nkhani ija tsopano ndingaitenge. Akuti, "Tengani. Koma vya masokosi musiye." Za masokosi ndiye mtima wake wa nkhani. Tidzakambirana.

Eyiti koloko a Nankhoma akuti khalani pansi bwino, tambasulani manja, osalankhula.

Wopepuka. Nkhuku imalemera. Makutu ndi angadi, pepa mwana. Ndaika khutu langa pa kachifuwa. Kukwera, kutsika, kukwera. Kamluzu kulibe. Petronella akufunsa za mayina aja seveni. Ndi limodzi lomwe silinabwere.

Ndaweramira pamutu pometedwapo. Sopo. Mkaka.

Ndanunkhizanso.